Mwana akagundidwa ndi galimoto, chipukutamisozi chimapezeka bwanji?

Makolo ambiri amaganiza kuti nkhani ya mwana wawo wovulala pa ngozi ya pamsewu imatha dalaivala akalipira chindapusa ku khoti. Koma chindapusacho chimapita kuboma. Chipukutamisozi cha mwana chimafuna mlandu wakewake, ndipo banja ndilo liyenera kuuyambitsa.

Lamulo la Road Traffic Act limalamula kuti galimoto yoyenda pamsewu ikhale ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena amene ingawavulaze. Limalolanso wovulala kusumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji. Komabe kampani imalipira kulekezera pa ndalama zimene inagwirizana ndi mwini galimoto, choncho nkofunika kusumiranso dalaivala ndi mwini galimotoyo.

Mwana wosakwana zaka 18 sasuma yekha. Kholo kapena womulera ndiye amamuimira, koma ndalama zopezekazo ndi za mwanayo, zothandizira pa chithandizo cha kuchipatala ndi tsogolo lake.

Mlandu umalimba ndi umboni. Tengani lipoti la apolisi, lomwe limatchula nambala ya galimoto, dalaivala ndi kampani ya inshuwalansi. Tenganinso lipoti la dokotala lofotokoza kukula kwa kuvulalako ndi chilema chimene chingatsale. Sungani malisiti a mankhwala, a mayendedwe ndi a malipoti awiriwa, chifukwa khoti silibweza ndalama zowonongedwa popanda umboni. Lembaninso mayina a mboni.

Khoti likapeza kuti dalaivala anayendetsa mosasamala, limayesa ululu umene mwana wamva, zipsera kapena kupunduka, komanso zimene sangathenso kuchita, monga kusewera ndi anzake. Kuti mwana anathamangira pamsewu sikuthetsa mlandu, pakuti mwana wamng'ono sayesedwa ndi muyeso wa munthu wamkulu.

Nthawi nayo ili ndi malire. Lamulo la Limitation Act limapereka zaka zitatu zoyambitsira mlandu wa kuvulala, pamene mwayi wosumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji umatha pakadutsa zaka ziwiri.

Chenjerani ndi ndalama zapamanja zimene ena amapereka kuchipatala kuti nkhani ithere pomwepo, chifukwa kuvulala kwina, makamaka kwa m'mutu, kumaonekera bwino patapita nthawi. Musasaine chikalata chilichonse musanafunse loya. Amene alibe ndalama za loya apite ku Legal Aid Bureau, yomwe ili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba.