CIKOMEKOME CA MKUYU: ZA ZIDZIWITSO ZA NCHITO

M'mawa uli wonse, dzuwa lisanaturuke, anthu ambiri a ku Kanyama, Matero, George ndi Chawama amanyamuka kunka kukafuna nchito ku mafakitale ndi ku masitolo a mu Lusaka. A ku Kalingalinga ndi Mtendere ambiri amalunjika ku nyumba za ku Kabulonga ndi Woodlands. Ena amapita cifukwa anawerenga cidziwitso m'nyuzi monga Times of Zambia kapena Zambia Daily Mail, ena anaciona comatidwa pa cipupa ca sitolo, ndipo ena cinawafika pa foni. Dandaulo lao ndi limodzi: zidziwitso zambiri zimaitana munthu, koma sizimuuza cimene akumuitanira.

Zidziwitsozi zimalembedwa m'Cingerezi, ndipo mau ace m'Cinyanja ali otere: "Tifuna anyamata ndi atsikana acangu", "malipiro okondweretsa", "za malipiro tidzakambirana", "ndi nchito zina ziri zonse zimene bwana angapereke." Mau amenewa akoma m'khutu, koma sanena nchito yeniyeni, maola ace, malo ace, ngakhale ndalama za pa mwezi. Nthawi zina dzina la kampani silionekapo, koma nambala ya foni yokha. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Munthu wokhuta angayese ici cinthu cacing'ono, koma kwa wosauka ncacikulu. Mnyamata wa ku George amene alibe nchito ayenera kulipira pojambulitsa masetifiketi ace, ndiponso akongola ndalama za basi kwa mlongo wace. Pofika apeza mzere wautali, naima pa dzuwa tsiku lonse. Madzulo ndi pamene auzidwa kuti nchitoyo njoyenda khomo ndi khomo kugulitsa katundu, ndipo malipiro ace ndi kagawo cabe ka zimene wagulitsa. Akadadziwa kale sakadapita. Tsopano abwerera ndi ngongole ndi njala.

Nanga olemba nchito amabisiranji zinthu zimenezi? Coyamba, ofuna nchito acuruka koposa nchito, kotero wolembayo adziwa kuti anthu adzabwerabe ngakhale asanene kanthu. Caciwiri, malipiro akapanda kulembedwa, munthu wanjala amavomera zocepa, ndipo anchito akale sadziwa zimene alandira atsopano. Cacitatu, mau aja a "nchito zina ziri zonse" amalola kuti munthu mmodzi akhale mlonda usiku, wosamalira maluwa m'mawa, ndi wotsuka galimoto masana, pa malipiro a nchito imodzi. Si onse ali ndi mtima woipa ai. Ena angotengera mau a m'zidziwitso za anzao osaganiza. Koma aliponso akuba, amene amalengeza nchito yoti kulibe, nauza anthu kuti ayambe atumiza ndalama za fomu pa foni.

Nkhalamba zimene zinagwira nchito ku migodi ya Nkana, Mufulira, Nchanga ndi Roan Antelope zidziwa cifukwa cace ciwerengero ca malipiro ciyenera kunenedwa poyera. Masiku aja munthu analipidwa akatsiriza tikiti ya masiku 30 a nchito. Ndalamazo zinali zocepa kwambiri poyerekeza ndi za Azungu, komabe ali yense anadziwa ciwerengero cace. Pa ciwerengero cimeneco ndi pamene bungwe la African Mineworkers' Union, limene linayamba mu 1949 motsogozedwa ndi Lawrence Katilungu, linaimapo pa sitalaka ya masabata atatu mu 1952, ndipo m'caka cotsatira malipiro anakwezedwa. Munthu sangadandaule za malipiro amene sananenedwe konse.

Cidziwitso si pangano ai. Cimene cimamanga bwana ndi wanchito ndico pangano, ndipo pamenepa lamulo la Zambia la mu 2019, locedwa Employment Code Act, lithandiza. Lamuloli liti pangano la nchito ya miyezi 6 kapena kuposerapo lilembedwe pa pepala. Ngakhale pangano likhale la pakamwa, bwana ayenera kusunga kalata yosonyeza zimene anapangana. Ndipo akalephera kuionetsa pa mlandu, mau a wanchito amalandiridwa monga umboni. Nthawi yoyesedwa pa nchito ndi miyezi 3, ndipo ingaonjezedwe ndi miyezi ina 3 yokha. Anthu amene nchito yao ndi kupezera anzao nchito ayenera kukhala ndi cilolezo ca Labour Commissioner. Boma limaikanso malipiro ocepetsetsa: mu January 2024 a anchito a m'nyumba anakwezedwa kufika K1,300 pa mwezi. Cotero mau akuti "tidzakambirana" sapatsa bwana mphamvu yolipira pansi pa cimene Boma linaika.

Tsono wofuna nchito acite bwanji? Asanaononge ndalama za basi, ayambe waimba foni ndi kufunsa mafunso anai: Kampaniyo ndi yani, ndipo iri kuti? Nchitoyo njotani makamaka? Maola ndi angati pa tsiku? Malipiro ndi angati pa mwezi, ndipo kodi ngokhazikika kapena ayenda ndi malonda? Bwana woona mtima sakwiya ndi mafunso otere. Amene azemba, kapena afuna ndalama munthu asanayambe nchito, wadziulula yekha. Wolembedwa apemphe pepala la pangano pa tsiku loyamba, ndipo akamanidwa apite kwa ofesala wa Labour.

Ambiri amaopa kufunsa, poganiza kuti bwana adzawayesa amwano natenga wina. Mantha amenewa ngomveka, pakuti ana kunyumba ayembekeza nsima. Koma kufunsa mwaulemu si mwano, ndipo mwezi wathunthu wogwira nchito popanda malipiro odziwika uwawa koposa tsiku limodzi lobwerera cimanjamanja. Safunsa anadya phula.