Nkhope ya Yesu pakhoma yautsa mkangano

Chaka cha 2026 chikukwanitsa zaka 50 chiyambire ntchito yophunzitsa anthu kusema ndi kujambula pa mishoni ya Mua m'boma la Dedza. Adayiyambitsa mu 1976 ndi wansembe wochokera ku Canada, pamalo pomwe amishoni adafika mu 1902. Ziboliboli za kumeneko zidatchuka mpaka kunja. Koma amisiri ojambula pamakoma a matchalitchi satchulidwa kawirikawiri, popeza khoma sunganyamule kupita nalo kumsika.

Mmodzi wa iwo tidampeza m'tchalitchi chongomangidwa kumene, kumudzi wina m'chigawo chapakati. Anali pamwamba pa nsanja ya mitengo ya bulugamu yomangidwa ndi linya, kumbuyo kwa guwa, bulashi ina m'manja, ina ataluma. Penti amasakanizira m'mabotolo apulasitiki odula pakati. Ndi bambo wa imvi za apo ndi apo, ndipo sadalowepo m'kalasi ya zojambula. Adayamba ali mwana, aphunzitsi akumutuma kujambula pabolodi. Kenaka adadyera kulemba mayina a magolosale ndi malo ometera, mpaka mpingo wina udampatsa zithunzi 14 za Njira ya Mtanda. Kuyambira pamenepo mipingo idayamba kuuzana za iye.

Ntchito yake safuna phuma. Pulasitala amamudikira aume kwa milungu ingapo, chifukwa chinyezi chikatsalira mkati penti amatupa n'kusupuka. Chithunzi amayamba wachijambula papepala, n'kuligawa timabokosi. Timabokosi tomweto amatikulitsa pakhoma pomenyetsa chingwe chopaka choko, kenaka n'kulemba ndi khala. Thambo ndi mapiri zimayamba, zovala pambuyo, nkhope kumapeto. Akangokhudza diso limodzi amatsika, n'kuyenda mpaka kukhomo, n'kutembenuka kuti aone zomwe gogo wa pabenchi yomaliza adzaone. Malipiro amabwera pang'onopang'ono, malinga ndi momwe pepala Sande yayendera. Amagona kwa katekisiti, ndipo miphakati imasinthana kumuphikira.

Chomwe chidautsa mapiri pachigwa ndi nkhope ya Yesu. Pachithunzi cha Mgonero Womaliza, mmisiriyu adakhazika ophunzira pamphasa, onse akuda, Ambuye ali pakati ndi tsitsi lalifupi. Mkate ndi chikho adazisiya monga zilili m'Malembo. Ngakhale zinali choncho, akuluakulu ena a mpingo sadakondwe. Iwo adakula akuona Yesu wa pakalendala, woyera khungu, wa tsitsi logwera m'mapewa, ndipo akuti uyu wapakhomayu akungooneka ngati munthu wa m'mudzi momwemo, wovuta kumugwadira. Ena adadandaula kuti ana asokonezeka, popeza m'mabuku awo muli nkhope ina.

Madandaulowa si opepuka. Munthu amene wapemphera pamaso pa chithunzi chimodzi kuyambira ubatizo wake sungamuuze kuti achiiwale tsiku limodzi. Komabe mbali inayo ili ndi mfundo yolemera. Yesu anali Myuda wa ku Nazarete, ndipo nkhope ya pakalendala ija idachokera kwa ojambula a ku Ulaya, omwe nawonso ankayang'ana anthu akwawo. Akhristu a ku Ethiopia adachita chimodzimodzi kalekale: angelo a padenga la tchalitchi china chakale ku Gondar ali ndi nkhope za Chiitiyopiya. Msonkhano waukulu wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965 udanena poyera kuti luso la mitundu yonse lili ndi malo m'nyumba ya Mulungu. Nyimbo zachilatini zidapatsa malo ng'oma ndi visekese, anthu n'kuzolowera. Chodabwitsa n'chakuti Amaritiri 22 a ku Uganda, omwe adalengezedwa kukhala oyera mu 1964, palibe amadandaula akawajambula akuda. Vuto limabuka pa Yesu ndi Amayi Maria basi.

Mmisiriyu sadakangane ndi munthu. Bambo mfumu atapempha kuti anthu ayambe achiona chithunzicho chitatha, iye adapitiriza ntchito mwakachetechete. Ife tikuona kuti adalondola. Mwana wolowa m'tchalitchimo n'kuona kuti okhala pamphasa ndi Ambuye akufanana ndi atsibweni ake, waphunzira kanthu ena asanatsegule pakamwa.

Chimene chimamudetsa nkhawa kwambiri mwiniwakeyo si mkanganowu ayi, koma denga lodontha, ndowe za mileme, ndi makomiti omwe pokonzekera kulandira bishopu amapaka khoma lonse penti woyera, chithunzi n'kukwiririka. Palinso zithunzi zosindikiza pakompyuta zomwe mipingo ikugula m'tauni, zotchipa koma zosachedwa kufwifwa.

Ntchito ya zithunzi ikasowa, amapita kumipingo yomwe siilola zifanizo. Kumeneko amamulemba ganyu yolemba vesi pamwamba pa gome ndi dzina la mpingo pachikwangwani cha kumsewu.