Chiyambi cha Mphotho za Zisudzo

Mwambo wopatsa mphotho anthu ochita bwino zisudzo ngwakalekale, ndipo udayambira m'chipembedzo. Mu mzinda wa Athens, ku Greece, anthu ankachita chikondwerero cha mulungu wao Dionysus chaka ndi chaka. Mbiri imati cha m'ma 534 Khristu asanabadwe, Thespis ndiye adapambana mpikisano woyamba wa maseŵero pa chikondwererochi. Pambuyo pake oweruza ankasankhidwa mwa maere, ndipo wopambana ankamuveka nkhata ya masamba kumutu. Mphotho zotchuka masiku ano nzadzulodzulo: ya Tony idayamba ku New York mu 1947, ndipo imene tsopano imatchedwa Olivier idayamba ku London mu 1976.

Kuno ku Malaŵi mpikisano wa zisudzo udabadwira m'kalasi. Mu 1969 bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, la ATEM, lidakhazikitsa mpikisano wa sukulu za sekondale. Sukulu zinkayamba kupikisana m'zigawo, ndipo zopambana zinkakumana pa ndime yotsiriza ya dziko lonse. Poyamba ambiri ankabwereka maseŵero akunja, koma m'kupita kwa nthaŵi aphunzitsi ndi ophunzira adayamba kulemba ao. Mu 1976 James Gibbs, mphunzitsi wa ku Chancellor College, adasonkhanitsa maseŵero a Amalaŵi m'buku lotchedwa Nine Malawian Plays. Mu 1982 Du Chisiza Jr., akali pa sukulu ya HHI ku Blantyre, adapambana ndi seŵero lake The Deceased's Attack, ndipo mu 1987 adayambitsa gulu la Wakhumbata.

Komabe tiyenera kuzindikira kuti mphotho iliyonse imaphunzitsa anthu chimene ayenera kuchiyesa chabwino. Cholinga cha ATEM chidali kukometsa Chingerezi, ndipo seŵero lililonse linkayamba lavomerezedwa ndi bungwe loona za mabuku ndi zisangalalo, potsata lamulo la 1968. Motero olemba adaphunzira kubisa mau m'nthano ndi m'mafanizo.

Boma la Rumphi likutithandiza kuona bwino vutoli. M'chaka chomwecho cha 1968 Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Mwana wa ku Bolero kapena ku Livingstonia, wofuna kutamandidwa pa bwalo la zisudzo, ankayenera kulira ndi kuseka m'chilankhulo chimene amai ake sadamleremo. Chonsecho kumudzi kwao kudali Vimbuza, gule wochiza odwala, m'mene ng'oma, nyimbo, zovala ndi khamu loomba m'manja zimagwirizana. Vimbuza si seŵero wamba ai, pakuti wovinayo amafuna kuchira. Koma luso lake palibe angalikane. Amishoni ambiri adauletsa guleyu, ndipo ulemu wake udachokera kutali, pamene bungwe la UNESCO lidamuika m'gulu la chuma cha mtundu wa anthu mu 2005.

Nkhaniyi ikutikhudza ife ansembe ndi aseminale, popeza kaŵirikaŵiri ndife timapemphedwa kuweruza maseŵero a achinyamata m'maparishi, makamaka pa Khrisimasi ndi pa Pasaka. Tikamapereka mphotho kwa wolankhula Chingerezi chothyakuka chabe, tikuuza ana kuti chilankhulo chao nchachabe. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tisanalembe malikisi, tiyambe tafunsa ngati seŵerolo lanena zoona za moyo wa anthu, ndiponso ngati agogo okhala kumbuyo kwa bwalo alimva.