Kuchoka ku Lusaka mpaka ku nyanja youma ya Makgadikgadi

Mayi amene akuthira mchere m'ndiwo ku Kabwata mwina sadziwa kuti wina mwa mchere umene umalowa mu Zambia umachokera ku Sua Pan, m'dziko la Botswana. Kumeneko kuli fakitale, lero ya kampani ya Botash, imene inayamba ntchito mu 1991. Amapopa madzi amchere a pansi pa nthaka n'kuwaumitsa padzuwa. Malole akhala akuyenda njira imeneyo kwa zaka zambiri, ndipo tsopano munthu wofuna kukaona malowo ndi maso naye angaitsate mosavutikira.

Chinasintha zinthu ndi mlatho wa Kazungula, wotalika mamita 923, umene Edgar Lungu ndi Mokgweetsi Masisi, atsogoleri a Zambia ndi Botswana panthawiyo, anatsegula mu Meyi 2021. Kale malole ankagona masiku pamzere kudikira pantoni. Lero munthu wa ku Woodlands kapena Kabulonga akalawirira, kudutsa Kafue, Mazabuka, Monze ndi Choma, amakagona ku Livingstone. M'mawa mwake amawoloka Zambezi pa mlathowo n'kuyenda makilomita pafupifupi 300 kukafika ku Nata, pafupi ndi Sua Pan. Wa pasipoti ya Zambia safunika viza. Koma msewu umenewu si woyenda usiku, chifukwa njovu zimaudutsa paliponse.

Makgadikgadi ndi pansi pa nyanja yaikulu imene inauma kalekale. Akatswiri a za nthaka amati Zambezi yathu yomweyi inkathira m'nyanja imeneyo isanapeze njira yake ya lero yolowera kum'mawa. Madzi ataphwa, panatsala zigwa zoyera mbee: Sua, Ntwetwe ndi Nxai. Mukaima pakati pake simuona phiri kapena chulu, thambo ndi dziko zimangokumana. Chakum'mwera, m'mphepete mwa Sua, kuli Kubu Island, chilumba cha miyala ndi milambe chozunguliridwa ndi mchere m'malo mwa madzi. Kufupi ndi Nxai kuli milambe imene katswiri wojambula zithunzi Thomas Baines anajambula mu 1862, ndipo idakalipo.

Apa ndi pamene eni magalimoto akuluakulu a mu Lusaka ayenera kutchera khutu. Kukhala ndi 4x4 yonyezimira pa Great East Road si kudziwa chipululu. Pamwamba pa chigwa pamaoneka pouma gwa, koma pansi pake pali matope akuda oterera, ndipo galimoto ikaboola chikhakha chimenecho imamira mpaka m'mimba. Foni kumeneko nthawi zambiri sigwira. N'chifukwa chake odziwa amayenda magalimoto awiri, amachepetsa mpweya m'matayala akafika pamchenga, amanyamula fosholo, madzi ndi mafuta okwanira, ndiponso sapatuka m'njira imene anzawo anapondamo kale. Kupatukako kumawononganso malo, pakuti zipsera za matayala zimakhala nthawi yaitali osafufutika. Zimapweteka mtima kuona dziko lokongola chonchi litakandidwakandidwa ndi anthu ongofuna chithunzi cha pa Facebook.

Nyengo yabwino yolowa m'zigwazi ndi chilimwe, makamaka kuyambira Juni mpaka Okutobala, ngakhale kuti usiku wa Juni ndi Julayi kumazizira koopsa. M'dzinja njira zambiri zimatsekeka, koma ndi pamene mbidzi ndi nyumbu zimabwera kudzadya msipu watsopano, ndipo mvula ikagwa bwino mbalame za flamingo zimadzaza Sua. Mbalamezi mungazione ku Nata Bird Sanctuary, malo amene anthu a m'midzi yozungulira akuyendetsa okha kuchokera mu 1993. Ku Kubu nakonso malo ogona ali m'manja mwa bungwe la anthu a m'mudzi wa Mmatshumo, ndipo kwa iwo chilumbachi ndi malo opatulika.

Wopanda galimoto asataye mtima. Mabasi a ku Livingstone amanyamuka pa siteshoni ya Intercity mu Lusaka tsiku lililonse, ndipo mukawoloka malire n'kufika ku Nata kapena ku mudzi wa Gweta, malo ogona alendo ali ndi anthu odziwa njira amene amalowetsa alendo m'zigwazi pa magalimoto awo kapena pa njinga zamoto za matayala anayi.