Otunga ndi onse, wokonza palibe

Ambiri amene amacheza pa WhatsApp sadziwa kuti maziko ake adachokera ku Jabber, njira yotumizirana mauthenga pa intaneti yomwe Jeremie Miller wa ku America adayambitsa mu 1999. Lero imatchedwa XMPP.

Njirayi ilibe mwini. Sukulu, kampani ngakhale munthu wamba angathe kutsegula seva yakeyake, ndipo maseva onsewa amalumikizana monga zimakhalira ndi imelo.

Koma vuto lagona pomwepo. Eni maseva amadalira zinthu zogwiritsa ntchito limodzi: mndandanda wa maseva omwe anthu angalembetseko, malangizo a kakhazikitsidwe, komanso zida zoyezera chitetezo. Zambiri mwa izi amazisamalira ndi anthu ongodzipereka, osalandira kanthu. Wosamalirayo akatopa kapena akatanganidwa ndi ntchito ina, chinthucho chimasanduka mjigo wothyoka wa pamudzi, aliyense nkumadikira mnzake kuti aukonze.

Mu 2014 eni maseva ambiri adagwirizana kuti kuyambira pa 19 May mauthenga aziyenda obisika kuti akubisalira asawawerenge. Chida chotchedwa IM Observatory, chomwe chinkapereka magiredi kwa seva iliyonse, chidathandiza kwambiri panthawiyo, koma patapita zaka chidasowa wochisamalira.

Akuluakulu nawo adachoka kale: Google idayamba kudzipatula mu 2013, Facebook idatseka khomo mu 2015. Otsala ndi ang'onoang'ono, ndipo ndi iwo akupwetekedwa. Mlendo akasankha seva pamndandanda wakale nkupeza kuti idafa kalekale, nkovuta kuti ayesenso kachiwiri. Amangobwerera ku WhatsApp.