Mpweya wa Mitengo ndi Diso la Kumwamba

Abale athu okondedwa a m'midzi ya ku Bembeke, ku Mua, ku Mtendere ndi kwina konse kumene kalata ino ifika, mwezi uno tifuna kukamba nanu za chinthu chimene sitichiona ndi maso, ngakhale tikhala nacho masiku onse.

Yense amene anadutsapo m'nkhalango ya paini pa phiri la Dedza nthawi ya masana adziwa fungo lake lokoma. Fungolo ndi mpweya wotuluka m'masamba. Mitengo yambiri ya masamba aakulu itulutsanso mpweya wina, umene anthu ophunzira autcha isoprene, makamaka dzuwa likatentha; ndipo iwo aganiza kuti mpweyawo uthandiza tsamba kupirira kutentha. Mtengo umodzi utulutsa pang'ono chabe, koma akawerenga mitengo ya dziko lonse lapansi apeza matani ngati 500 miliyoni pa chaka, ndipo gawo lalikulu lichokera ku maiko otentha onga lathu lino.

Tsono mudzafunsa kuti, kodi munthu angayese bwanji chinthu chosagwirika? Palibe amene angayende mtengo ndi mtengo kuchokera ku Chongoni kufikira ku Congo. Chifukwa chake anthu anakweza m'mlengalenga makina otchedwa setilaiti, amene azungulira dziko usana ndi usiku. Mu 2004 a ku America anakweza setilaiti ya Aura, imene pa nthawiyo inkayenda makilomita 705 pamwamba pathu, m'mene anaikamo chida chotchedwa OMI. Mu 2017 a ku Ulaya anakweza ina, Sentinel-5P, imene idutsa pamwamba pa midzi yathu dzuwa litangopendeka, ife tikupuma pa khonde.

Ntchito yake iyenda motere. Isoprene sakhalitsa, patangopita maola ochepa asanduka mipweya ina, ndipo umodzi mwa iyo ndi formaldehyde. Kuwala kwa dzuwa kukafika pansi ndi kubwerera kumwamba, mpweya umenewu umezako pang'ono. Chida chija chiyesa kuwala kumene kwasowa, ndipo pamenepo akatswiri awerengera kuti mitengo ya m'deralo yatulutsa mpweya wochuluka bwanji. Achita monga mlenje amene sanaione nyama, koma aizindikira ndi mapazi ake.

Mu 2012 mayi wina wa ku South Africa, Eloise Marais, pamodzi ndi anzake a ku Harvard, anayesa Africa yense mwa njira iyi, napeza kuti nkhalango zazikulu za pakati pa Africa zitulutsa mpweya wocheperapo kusiyana ndi umene unali kuganiziridwa kale. Koma pa ntchito yawo anakumana ndi chopinga chimene ife tichidziwa bwino: moto wa m'tchire. Pakuti utsi nawonso uli ndi formaldehyde, ndipo usokoneza chiwerengero chonse. Motero anafunikira kuchotsa malo ndi masiku onse amene kunali moto, pothandizidwa ndi setilaiti zina zimene ziona moto kuchokera kumwamba.

Apa nkhaniyi yafika pa khomo pathu. Chaka ndi chaka, kuyambira Ogasiti kufikira Okutobala, utsi uphimba mapiri athu, kotero kuti munthu ataima pa Bembeke saiona nyanja kumunsi. Utsiwo suli wa Dedza yekha. Mu 2000 akatswiri a maiko ambiri anasonkhana pa ntchito yotchedwa SAFARI 2000, nayesa mlengalenga ku Mongu m'dziko la Zambia ndi kwina, ndipo anaona utsi wa Africa wa kumwera ukuyenda ngati mtsinje kunka ku nyanja yaikulu ya India. Wina mwa utsiwo ndi wathu: wa mnyamata wosaka mbewa, wa mlimi wotentha mapesi, wa wapaulendo wotaya chitsa cha fodya.

Timvetsetse bwino. Mpweya wa mitengo si tchimo la mtengo ayi. Mulungu anaulenga chomwecho kuyambira pachiyambi. Koma ukasakanizika ndi utsi, dzuwa likuwomba, pabadwa mpweya wina woipa umene upweteka chifuwa cha ana ndi okalamba, ndi kufooketsa mbewu za m'dimba. Moto wa mu Okutobala upha timitengo ta msuku ndi mombo tisanakule, usiya nthaka yamaliseche, ndipo mvula yoyamba ikokolola chonde chonse kutsikira nacho ku Linthipe. Pambuyo pake amayi ndiwo ayenda mtunda wautali kufuna nkhuni ndi madzi.

Mu 2015 malemu Papa Francis analemba kalata yake ya Laudato Si', kutikumbutsa kuti dziko ndi mudzi wa ife tonse, ndipo kuti likaonongeka osauka ndiwo ayamba kulira. Makolo athu nawo anati moto umapita kumene kwatsala tchire: lero wapsereza munda wa mnzako, mawa ufika pa nkhokwe yako.

Tsono tichitenji? Tikwirire mapesi m'mizere m'malo mowatentha. Tilambule njira zotchinga moto kuzungulira nkhalango ya mudzi ndi manda dzinja likangotha. Kumene kuyenera kutentha, tipangane ndi mfumu ndi alangizi a zankhalango kuti titenthe mu Meyi kapena Juni, udzu usanaumitse, pamene moto uli wofatsa. Inu makolo, langizani anyamata kuti mbewa zikumbidwa ndi khasu. Inu a m'miphakati, kambiranani zimenezi mukatha mapemphero.

Makina a kumwamba aona moto, koma sadziwa dzina la amene anauyatsa. Alipo Mmodzi amene alidziwa, Iye amene anaika munthu m'munda kuti aulime ndi kuusunga. Tiyeni timpemphe atipatse mtima wosamala, kuti adzukulu athu adzapeze mthunzi pa mapiri ano.

Mulungu adalitse mabanja anu onse.