Tikamapita ku Joni, tisaiwale malungo

Ambiri a ife timachoka ku Angónia ndi ku Tete kupita ku South Africa, kudzera pa Cuchamano ndi Beitbridge, nkukakhala kumeneko miyezi yambiri. Ku Johannesburg malungo safala, komabe tikhoza kuchoka nawo kwathu m'magazi, nkuyamba kudwala patapita masiku 7 kapena kuposerapo. Choncho thupi likatentha, tithamangire kuchipatala ndi kunena kumene tachokera kuti atiyeze malungo msanga, pakuti kuchedwa kumapha.

Abale ndi alongo amene akumwa ma ARV kapena mankhwala a TB apemphe okwanira asananyamuke, ndipo atenge khadi la kuchipatala. Zonsezi zikhale m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi pasipoti, popeza katundu amasokera panjira.

Tikabwerera kwathu, tizigona m'masikito, chifukwa tikakhalitsa kunja mphamvu ya thupi yolimbana ndi malungo imachepa.